Miyendo ya Apa ndi Njanji Yakale

Novosibirsk, 3 Novembala 2002

Okondedwa Apa, mayi anga,

Choyamba ndimve za moyo wanu. Chiuno chikupwetekabe? Mankhwala aja mukumwa, kapena mwawabisanso m'kabati kuseri kwa makapu? Ife kuno tili bwino. Mpongozi wanu Gulsara akupereka moni, ndipo mdzukulu wanu Aktan wamera mano, akuluma aliyense womunyamula. Kumsika kwazizira kale koopsa, koma majekete akuyenda malonda.

Apa, chibwerereni kuno mtima wanga sunakhale m'malo. Sindiiwala mmene ndinakupezerani m'chipatala mu Ogasiti mutagwa mumtengo wa maapozi. Munthu wamkulu ngati inu kukwera mumtengo! Dokotala anandiuza maso ndi maso kuti chitsulo chimene anakuikani m'chiunocho chigwira, koma za kuyenda kwenikweni tiiwale. Mwina kuchoka pabedi kufika pakhomo, basi. Ndiye munthu wosayenda akhala bwanji yekha m'nyumba yosonkha malasha, chimbudzi chili panja? Chynara eje, mlongo wanga wamkulu, ali kubanja la eni, sangamasiye apongozi ake tsiku ndi tsiku kudzakukolezerani moto. Mwana wamwamuna ndine ndekha, ndiponso ndine wotsiriza, udindo wosunga inu ndi wanga. Anthu akumudzi amene tili nawo kuno ayamba kale kundinena.

Choncho ndatsimikiza mtima. Mu Malichi ndibwera kudzakutengani. Bedi tagula kale, taliika pafupi ndi paipi yotenthetsa m'nyumba. Nyumba yanuyo tigulitse, alipo munthu wina wa ku Bishkek akufuna malo oyandikira nyanja. Musakane, Apa. Bambo akanakhala moyo akananena zomwezi.

Ndakutumizirani njinga ya olumala kudzera kwa kondakitala wa sitima. Ndi ya ku Jeremani, inagwirapo kale ntchito koma ndi yolimba. Mundiyankhe msanga, poti foni yanu ija mpaka pano sinakonzedwe.

Mwana wanu,
Bolot

Balykchy, 22 Novembala 2002

Bolot mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa mpongozi wanga, ndi kwa kamnyamata koluma anthuko. Katengera iwe, unandiluma mpaka ndinakusiyitsa bere msanga. Ine ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, mankhwala ndikumwa ena.

Kalata yako ndawerenga. Bambo ako usawaike mawu m'kamwa poti sangayankhe. Iwowo akanati "mufunseni mwini wake," n'kutuluka panja kukasuta. M'nyumba muno ndinalowa ndili mtsikana, mpango woyera uli kumutu, denga lisanathe n'komwe. Khoma la kumpoto tinaumba ndi manja athu. Mtengo wandigwetsawo ndinabzala ndekha, ndipo sindinaukwiyire. Ukandiika m'mwamba m'nyumba zanu zosanjikizanazo ndiziyang'ana chiyani? Madenga a anthu? Za Malichi tidzakamba mu Malichi.

Njinga yafika. Zikomo, ndi yabwino kwambiri, matayala ake saopa miyala. Samovar yathu yophikira tiyi imakwanapo bwinobwino, thumba la boorsok, timandasi tathu tija, n'kukhala pambali. A Toktosun akuti ngolo yotere sanaionepo chibadwire.

Tsopano tamvera. Unditumizire jombo zaubweya m'kati, zosaterera. Mapeyala awiri: yanga, ndi ina ya mwamuna, saizi 43. Usandifunse mafunso. Ya mwamunayo ikhale yokongola, yoti munthu akalandira asangalale. Pofika Januwale zikhale zili kuno.

Nkhani zina palibe. Mphepo ya ulan yayamba, usiku wa Lachiwiri inasasula denga la khola la anzanga a Lidiya n'kukaliponya m'munda wa eni. Abakha afika ambiri kugombe chaka chino. A Toktosun akumabwera m'mawa uliwonse, ndiye masamba a tiyi akutha msanga. Uikemonso m'jombomo.

Mayi ako,
Zuurakan

Novosibirsk, 9 Disembala 2002

Chynara eje,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife tilipo. Ndikulemba ndili chiimire kumsika, zala zauma, ndiye mukhululuke zilembozi.

Eje, kunyumba kukuchitika chiyani? Mundiuze zoona. Ndinatumiza njinga kuti Apa azikhalapo, iwo akunyamulirapo samovar. Akupita nayo kuti? Za nyumba sanandiyankhe zomveka. Kenako akufuna jombo za mwamuna, ati zokongola. Mwamuna wake uti? Bambo ankavala 41.

Dzulo ndakumana ndi mwana wa a Sagyn, woyendetsa lole uja, wangochokera kumeneko. Akuti anawaona ndi maso ake Apa kugombe, atakolekana mkono ndi mdala wina wa chipewa chachikopa cha nkhandwe, akuseka mpaka kupindika. Akutinso Apa alankhula kale ndi oweta a ku Kochkor za nkhosa yonona ya mu Januwale. Zonsezi ananena pamaso pa anzanga, mpaka wina anandigwira chanza n'kuti, "Mafuno abwino, wapeza bambo." Ndinasowa pobisa nkhope.

Toktosun ameneyu ndani? Ndikukumbuka dzina lokha, ngati ankagwira ntchito kufakitale ya nsomba. Sakufuna nyumba yathu ameneyu? Munthu akadwala amanyengeka msanga. Bambo angotha zaka zitatu m'manda, eje.

Jombo ndagula poti ndi mayi anga, koma ndagula mtima ukuwawa. Mundiyankhe ndi sitima yotsatira.

Mlongo wanu,
Bolot

Balykchy, 21 Disembala 2002

Bolot,

Moni kwa nonse. Ife tili bwino, kupatula nthiti zanga zimene zikupweteka chifukwa cha kalata yako. Ndinaiwerengera kukhitchini, apongozi anga anachita kuthamanga kudzaona ngati ndapsa ndi mafuta. Chisanu cha kumeneko chakuumitsa ubongo eti?

A Toktosun ali ndi mkazi. Dzina lawo ndi a Kalyikan, ali moyo, ndi onenepa, ndipo akaseka amamveka kutsidya kwa nyanja. Khala pansi ndikuuze.

Ukukumbuka gulu la Apa la kufakitale ya nsomba, lija limadyerana mosinthana nyumba nyengo yachisanu? Zaka ziwiri zapitazo a Lidiya, aja ankatiphunzitsa masewera kusukulu, anawauza kuti akungonenepa ngati nkhosa za paphwando, ndiye palibenso kudya asanayende. Chiyambire pamenepo Lamlungu lililonse amakumana kuseri kwa depoti ya malasha n'kutsata njanji yakale ija yopita kudoko. Njanji yeniyeni palibenso, zitsulo anthu anazula kalekale, matabwa anasonkhera moto. Watsala mtumbira wokha, nyanja mbali ino, zitsamba zaminga za tizipatso tachikasu mbali inayo. Akafika padoko amamwa tiyi, kudandaula za mawondo, n'kubwerera. Ana a m'tauni amawatcha "sitima ya Lamlungu," poti amayenda mondondozana utsi ukutuluka m'kamwa.

Asanagwe, mutu wa sitimayo anali Apa. Utachoka iwe anangogona choyang'ana kukhoma, tiyi ankachita kuzizirira pampando. Ine ndinkalira njira yonse pobwerera kwathu. Tsiku lina gulu lonse linalowa m'nyumba ndi matope kumapazi, a Lidiya n'kuwavundukula bulangete. "Zuura, dzuka, wagona mokwanira. Ngati ukufuna kufa udikire Epulo, pano nthaka yayamba kuuma ndi chisanu, anyamata sangakumbe." Apa anawatukwana mpaka kutsokomola, koma anadzuka.

Anayamba ndi kufika pageti. Kenako pampopi. Kalata yako ya bedi ija itafika ndiye inawathira tsabola, tsiku lomwelo anakafika pashopu ya buledi. M'mawa uliwonse pamabwera wina kudzawagwira mkono, koma ambiri ndi a nyamakazi, ndiye kawirikawiri amakhala a Toktosun. Ndi zimene anaona mwana wa a Sagyn, amene maso ake amaona zambiri kuposa zimene zilipo.

Tsopano za nkhosa. Anayambitsa ndi a Kalyikan, mwanthabwala chabe: "Ameneyutu akuphunzira kuyenda ngati khanda, timudule chingwe." Onse anaseka, Apa okha sanaseke. Anangoti, "Mudule." Ndiye pa 19 Januwale kuli tushoo ya mayi ako, monga timachitira ndi mwana amene wangoyamba kuponda pansi. Adzawamanga miyendo ndi chingwe chaubweya chakuda ndi choyera, nkhalamba zidzathamanga mpikisano, wopambana adzadula chingwecho. Jombo zija ndi mphoto. Apa akuti apambana ndi a Toktosun basi, komanso nsapato zawo zinang'ambika moti amakulunga mapazi m'nyuzipepala. Chingwe chikaduka, Apa akufuna kuyenda njanji yonse mpaka padoko popanda ndodo.

Sananene, koma ine ndikudziwa kuti akuyendera nyumba yawo. Akakafika padoko, iwe ulibenso chonena cha Malichi. Akalephera adzalongedza okha katundu osakangana nawe, ndipo ndikuopa kuti kumeneko sakakhalitsa. Ndiye bwera udzaone ndi maso ako. Ana akupempha maswiti aja a pepala lofiira.

Eje wako,
Chynara

Balykchy, 3 Januwale 2003

Bolot,

Chaka chabwino kwa nonse. Aktan wayamba kuima? Jombo zafika. Zanga zandikwana, zinazo a Toktosun aziyesa mobisa, akuti zili ngati unachita kuwayeza phazi.

Eje wako akuti anakulembera zonse, ndiye sindibwereza, dzanja latopa. Mwambo uli pa 19 m'mawa, kuseri kwa depoti ya malasha. Nkhosa yafika, ikudya udzu wa a Lidiya. Ena m'tauni muno akuti pa msinkhu wanga n'zochititsa manyazi. Anene. Ndadikira mokwanira, ndipo mtima wanga ukufuna. Ukamabwera uvale bwino.

Mayi ako

Novosibirsk, 10 Januwale 2003

Eje,

Moni. Mwezi wathunthu osandiyankha! Sitima ikamafika ndimakaima pasiteshoni ngati wopemphetsa, kondakitala amangopukusa mutu. Apa akuti munandilembera zonse. Zonse ziti? Ndalandira kakalata kawo kokha, ndipo ndakawerenga mpaka kang'ambika popinda. Ukwati kuseri kwa depoti ya malasha! Ngakhale holo yasowa? Inu mwana wamkulu mwangokhala chete n'kumaonerera?

Malonda ndamusiyira Gulsara, ndikukwera sitima ya Lachinayi. Kalatayi yatsogola ndi mwana wa a Sagyn. Pasachitike chilichonse ndisanafike, ndipo mapepala a nyumba mukabise kwanu. Gulsara akuti ndivale suti poti Apa anena. Ndivala, koma osati mokondwa.

Bolot

Balykchy, 21 Januwale 2003

Mlamu wanga Gulsara,

Moni, ndipo Aktan umupsompsone masaya onse awiri. Uli bwanji wekha pamsikapo? Mwamuna wako ali moyo, akutsimphina pang'ono, suti ndiyo yapita. Iye sangakuuze zonse, ndiye ndikuuze ine.

Kalata yanga ya Disembala mwina yakupeza tsopano. Kondakitala akuti inali m'thumba la jekete limene anabwereketsa mnzake. Uyambe wawerenga imeneyo. Ya Bolot yomaliza inafika Lachisanu, ndipo ndinawawerengera Apa mokweza gulu lonse lili pomwepo. A Toktosun anafiira mpaka makutu. A Kalyikan anagwa pampando. Apa anapukuta misozi n'kuti, "Munthu asamuuze kanthu. Abwere."

Lamlungu kunacha bwino, mphepo itagona, sinowo yatsopano ili mbee, nyanja ikufuka nthunzi. Tinasonkhana kuseri kwa depoti, samovar ili panjinga ya ku Jeremani itafunditsidwa bulangete ngati wodwala. Tinayala mphasa yaubweya pamtumbira wa njanji, Apa anaimapo, a Kalyikan atagwada akuwamanga miyendo. Ndi pamene minibasi ya ku Bishkek inaima pamsewu, n'kutsikamo munthu wa suti yakuda, tayi, nsapato zosongoka zonyezimira, nkhope ngati wabwera kudzalanda katundu.

Anayamba kumuona ndi a Kalyikan. "Eee, wafika mwana wa mkazi mnzanga! Bwera kuno udzapereke moni kwa bambo ako atsopano."

"Ndikufuna kulankhula ndi a Toktosun," anatero Bolot.

"Ulankhula nawo ukawapeza," anatero a Lidiya, atamugwira kale tayi. "Othamanga onse uko, pamtengo wa magetsi. Iwenso. Kusukulu unkandithawa, lero suthawa."

"Kuthamangira chiyani?"

Ndi pamene anayang'ana pansi n'kuona chingwe chakuda ndi choyera pa jombo za Apa. Anayang'ana chingwe, anayang'ana Apa, anayang'ana ine, kukamwa kuli yasa. Apa anati, "Tseka pakamwapo, mano azizira. Ndipo jekete lako lili kuti? Umagulitsa majekete iwe."

Mlamu, mpikisano umenewo sindidzauiwala. Mluzu ndinaimba ine, koma a Toktosun anali atanyamuka kale. A Sagyn anagwetsa chipewa n'kubwerera kukatola. Amayi awiri ankathamanga atagwirana manja, akukuwa kuti wina asawagunde. Bolot anawapitirira onse, tayi ili kumsana, ndipo ndinaona pankhope kuti akufunadi kuti adule ndi iye. Atatsala pang'ono kufika, nsapato zija zinamupereka. Miyendo m'mwamba, iye chagada m'minga. Apa anangopukusa mutu. "Ndinadziwa. Ameneyu chingwe anamudula ndi malume ake ataledzera."

Anapambana ndi a Lidiya, anawadutsa a Toktosun ngati aima. Atalandira jombo zazikuluzo anati azivala ndi masokosi atatu, a Toktosun akuziyang'ana ngati mwana wolandidwa switi. Anawazunza mpaka masana, kenako anawapatsa, pangano lake n'lakuti akawakhomere denga la khola.

Koma podula chingwe phokoso linatha. A Lidiya anagwada ndi mpeni n'kunena kuti, "Uyende ngati ine, Zuura, ndipo mitengo uwasiyire ana." Chingwe chinaduka. Tonse tinatambasula manja, a Sagyn anapereka dalitso lalifupi poti kunkazizira. Ukudziwa kuti pamenepo anthu awiri amamugwira mwana manja. Bolot anathamangira kumanja, ine kumanzere. Apa anatikankha tonse awiri, ndodo yawo n'kumupatsa Bolot. "Gwira iyi, ukutsimphina."

Sitima inanyamuka, Apa ali patsogolo. Ankayenda pang'onopang'ono, mwendo wachitsulo uja akuukoka pang'ono, ndipo palibe anayerekeza kuwadutsa. Tinadutsa nyumba zomaliza, agalu akutiuwa. Tinadutsa pamene njanji imakhotera kugombe, madzi ali pafupi moti umamva timiyala tikugubuduka. M'mphepete munali mutaundana ngati magalasi osweka, abakha ali yandayanda patsogolo pake. Amayi ankathyola tizipatso tachikasu tija n'kumatafuna, nkhope zili tsinya ndi kuwawasa. A Toktosun ankaloza pamene panali siginolo, pamene sitima ya nsomba inagundapo ngamila, a Kalyikan n'kumati chaka chatha inali ng'ombe. Bolot ankayenda kumbuyo kwa Apa manja ali tambalale, buluku litang'ambika kumbuyo, ana a m'tauni akutitsatira n'kumalira ngati sitima.

Titapitirira kamlatho, pamene mtumbira umakwera, Apa anaima. Ndinaganiza kuti akuyang'ana nyanja. Nditafika pafupi ndinaona thukuta pachipumi, m'chisanu chimenecho, milomo itayera, mwendo ukunjenjemera. Mtima wanga unagwa, mlamu. Doko linali likuoneka, koma patali. Bolot anathamangira kumbuyo, anatsitsa samovar n'kuiika pa sinowo, n'kubweretsa njinga mpaka inawakhudza m'mawondo. "Apa, khalani. Mwayesetsa, aliyense waona."

Apa anayang'ana njingayo nthawi yaitali, kenako anamuyang'ana Bolot. Sindikudziwa chimene anaona m'maso mwawo, koma mwamuna wako anaibweza njinga ija, ananyamula samovar n'kuikhazikanso, anaifunditsa bulangete bwinobwino. Kenako anabwera kudzaima pambali pawo, osati kumbuyo, n'kuti, "Tiyeni, Apa. Tiyi azizira."

Anapuma kaye, n'kuponya phazi. A Kalyikan anayambitsa nyimbo ya kufakitale, ija yotukwana kapitawo, onse anavomera. Sindikuuza bodza kuti kunali kosavuta. Anaima kangapo, ndipo kamodzi anamugwira Bolot phewa n'kulisiya msanga ngati latentha. Koma anafika. Anaponda matabwa a padoko, anayenda mpaka kumapeto, anamenya ndi dzanja chitsulo chomangirira maboti n'kukhalapo. Mawu awo oyamba anali akuti, "Makapu munatenga?"

Tinakuwa mpaka abakha anauluka. Ine ndinalira poyera, sindinabise. Bolot anakalirira kuseri kwa boti ladzimbiri, pobwera n'kumati ndi mphepo, chikhalirecho mphepo kunalibe. Tinamwa tiyi wamkaka, boorsok ndi nsomba zowamba, titakhala pamatabwa ozizira, ndipo sindikumbuka chakudya china chimene chinandikomera chotero. Pobwerera Apa anakwera njinga, samovar ili pamiyendo, Bolot akukankha. Akuti pangano linali lopita, za kubwerera sanalonjeze munthu.

Kunyumba nkhosa inali itapsa. Mutu anaupereka kwa a Sagyn poti ndiwo aakulu, iwo anadula khutu n'kumupatsa Bolot monga amachitira ndi ana, ati kuti azimva. Anadya, n'kupita kukapepesa kwa a Toktosun, amene anamukhululukira atavala jombo zatsopano m'nyumba.

Za Malichi sanatchulepo kanthu mpaka pano. Amangozungulira nyumba, kugogoda makoma, kusuzumira m'chimbudzi. Apa akunamizira kuti sakudikira yankho, koma dzulo anathira mchere mu tiyi. Ukamva kanthu undiuze.

Mlamu wako,
Chynara

Bishkek, 25 Januwale 2003

Gulsara wanga,

Moni. Muli bwanji ndi Aktan? Chifuwa chija chinatha? Ine ndili ku Bishkek, ndikhala masiku angapo kugula katundu, ndiye kalatayi yatsogola. Ndikudziwa kuti eje wakulembera. Theka la zimene walemba n'zowonjezera. Sindinagwe chagada, ndinagwa cham'mbali.

Ndikubwera ndekha, ndipo mu Malichi sindipita kukatenga munthu. Bambo wofuna nyumba uja ndakumana naye dzulo, ndamuuza kuti siikugulitsidwa. Ndisanachoke ndakonzetsa foni, ndaunjika malasha pafupi ndi khomo, ndakhoma chogwirira kuchokera pakhonde mpaka kuchimbudzi. Apa akuti chogwiriracho ndi chabwino kuyanikapo zovala. Nditawauza za nyumba sanandithokoze. Anangoti, "Nanga ukanagulitsa bwanji ine ndili momwemo?" Koma anandiphikira mpunga wa nyama, n'kumandiikira minofu yonse mbali yanga.

Ndikuuze zoona, mantha sanandithere. Chiuno chija sichidzabwerera mwakale, ndipo foni ikamalira ndizidzidzimuka. Koma paja panjanji, nditawabweretsera njinga, anandiyang'ana mmene sanandiyang'anirepo chibadwire changa. Sanali kukalipa. Ankandipempha. Mayi anga kundipempha ine! Pamenepo ndinadziwa kuti ndikawakhazika pansi sadzadzukanso, ndipo wowakhazikayo ndikhala ine. Ndasangalala, Gulsara. Ndili ndi minga m'matako mpaka lero, koma ndasangalala ngati mwana.

Lachinayi anandiperekeza kokwerera minibasi, wapansi, akundidzudzula njira yonse za fodya. Nditakhala pampando ndinapukuta galasi ndi mkono wa malaya kuti ndiwatsanzike, ndikuyesa ndiwapeza ataima pomwepo akupukuta m'maso monga amachitira nthawi zonse. Anali atatembenuka kale. Ndinangoona msana wawo, akutsetserekera kunyanja, akukoka mwendo uja mofulumira poti a Lidiya ankawadikira pakona.

Mwamuna wako,
Bolot